Zala Ziwiri za Fackson

Dzina lokha ndiye linali lalikulu. Ba Goliati Mbewe a ku komboni ya Bauleni anali munthu wamfupi, woti akakoleka paphewa makina opemerera masamba umayamba waona makinawo, mwini wake pambuyo. Bambo awo anachoka ku Dedza n'kuoloka malire kudzaphikira azungu, ndipo iwo anakulira m'mayadi a eni ake. Zaka khumi ndi zisanu anasamalira maluwa pa malo ena ogona alendo cha ku Kabulonga, pomwe mitengo ya jakaranda ndi mango inkayoyola masamba ngati yachita kulipidwa.

Makinawo, omwe onse ankangoti bulowa, anali a petulo ndipo ankagwira ntchito ziwiri: kupemerera masamba kuti aunjikane, ndi kuwayamwa n'kuwagayira m'thumba. Ba Goliati ankawasamala kuposa mmene amuna ena amasamalira akazi awo. Asanalize injini ankazungulira bwalo lonse kutola timiyala ndi zitsekerero za mabotolo. Ankavala magalasi, zotseka m'makutu ndi kansalu pamphuno ngakhale mu Okutobala, thukuta likutsikira m'magambutsi. Petulo ankasakaniza ndi oyilo pa mlingo wake, ndipo sankathira injini ikadali yotentha. Mlendo akamadutsa ankaima mpaka apitirire. Anzawo ankawaseka kuti akuvala ngati dokotala wa opaleshoni, iwo n'kumangoti kuthamanga si kufika.

Kenaka kwacha inayamba kugwa, ufa n'kukwera, magetsi n'kumazima tsiku lathunthu, alendo n'kuchepa. Pa anthu asanu ndi mmodzi a m'munda bwana anasiya awiri, ba Goliati ndi Fackson Tembo. Kunena zoona, Fackson anatsala chifukwa ba Goliati anamulankhulira. Ankakhala moyandikana ku komboni, ankayenda limodzi wapansi m'mawa uliwonse poti minibasi inali itakwera mtengo, ndipo mwana wa Fackson atamwalira, ba Goliati ndiwo ananyamula kabokosi pamiyendo mpaka kumanda.

Ntchito ya anthu asanu ndi mmodzi ikagwera awiri, wina amafuna njira yachidule. Pomwe pamalowa paipi yoyamwira masamba pali mipeni yozungulira, ndipo ukachotsa paipiyo kabatani kamazimitsa injini kuti dzanja lisakumane ndi mipeniyo. Masamba onyowa ankatseka pamenepo pafupipafupi. Chingwe cholizira chinali chitatha, bwana akungoti mawa, mawa, moti injini ikazima umakoka mpaka phewa kuphwanya. Fackson anamanga kabataniko ndi mphira wa chubu ya njinga kuti injini isamazime pamene akuzula masamba.

Ba Goliati anaupeza mphirawo kawiri, ndipo kawiri konse anaudula n'kumukalipira Fackson kuseri kwa thanki yamadzi. Kwa bwana sananene kanthu. Akananena, Fackson akanachotsedwa tsiku lomwelo, nanga ana ake anayi akanadya chiyani? Ankaona kuti mnzako umamudzudzula pambali, osati pamaso pa mabwana.

Lachinayi lina, mvula yoyamba itagwa, ba Goliati ali kodulira mpanda anamva injini ikutsamwa, kenaka kukuwa kwa munthu. Anapeza Fackson atagwada pa kapinga, zala ziwiri za kumanja palibe. Anazimitsa makina, anavula malaya awo n'kumanga dzanjalo, ndipo njira yonse ya ku chipatala anamugwirira mkono m'mwamba, akumulimbitsa mtima ngati mwana.

Lolemba anawaitana ku ofesi. Patebulo la bwana panali mphira wachitatu. Fackson anali atanena kale ali m'chipatala kuti anaumanga ndi ba Goliati, iye sankadziwa chilichonse. Wina anali atamunong'oneza kuti wovulala chifukwa chophwanya yekha malamulo sapatsidwa chipukuta misozi.

Ba Goliati anakana kwamtuwagalu. Bwana anangowafunsa ngati anauonapo mphira pa makinawo tsikulo lisanafike. Munthu wochenjera akanati ayi, koma iwo bodza linali lowavuta. Anavomera kuti anauona kawiri n'kuudula. Ndiye bwanji sananene? Chifundo chinapha nkhwali. Anatuluka ndi kalata yonena kuti achotsedwa chifukwa cha kusasamala ndi kuika moyo wa mnzawo pachiswe.

Kutha kwa ntchito kunawawa, koma mawu oti kusasamalawo ndiwo anawalasa mtima. Munthu wa m'munda alibe satifiketi, ali ndi mbiri yake basi, ndipo ndi kalata yotere palibe akanawapatsa ngakhale tsache.

Fackson atatuluka m'chipatala, ba Goliati anapita kukamuona atanyamula nthochi. Norah, mkazi wa Fackson, anawapatsa mpando osawayang'ana kumaso, n'kutuluka ndi chigubu ngati kuti madzi atha nthawi yomweyo. Fackson anali gone pamphasa, dzanja lokulungidwa lili pachifuwa.

"Kambani chabe vazoona kuli ba bwana," anatero ba Goliati. "Nchito ningaisiye, koma zina yanga mwaiononga."

Fackson anatukula dzanja lotsala zala zitatulo n'kuyankha.

"Ba Goliati, imwe muli na vala vonse. Muzapeza nchito ina. Ine nizagwira chani na iyi kwanja?"

Ba Goliati anaika nthochizo pansi n'kudzuka. Sanakalipe. Chomwe chinawapweteka n'chakuti munthuyo sananame mwa mantha okha. Anali ataganiza bwinobwino, n'kuona kuti mnzakeyo ndiye woyenera kusenza mlanduwo.

Ntchito inayo sinapezeke. Milungu itatu anagogoda mageti a ku Kabulonga ndi ku Woodlands, koma alonda ndi amayi ogwira ntchito m'nyumba zimenezo ambiri ndi a ku Bauleni komweko, ndipo nkhani inali itafika kale iwo asanafike. Paliponse ankadziwika kuti ndi aja anadulitsa mnzawo zala. Ngakhale ku tchalitchi, amayi ena anakoka mwana wawo pafupi ba Goliati atakhala pa benchi lawo.

Potsiriza anameza manyazi, anasita malaya, n'kubwerera ku ntchito yakale kuti akapemphe bwana afewetseko mawu a m'kalata muja. Mkati mwa mpanda bulowa inali kulira m'manja mwa munthu wina. Anagogoda. Kazenera ka pageti kanatseguka, ndipo anaona chipewa cha ulonda, yunifolomu yatsopano, ndi dzanja lokulungidwa bandeji litagwira bukhu la alendo. Bwana anali atamumvera chisoni Fackson n'kumupatsa ntchito yopepuka.

Anayang'anizana kudzera pa kazenerako. Fackson anacheuka kuona ngati bwana ali pafupi, kenaka anafunsa ndi mawu aulemu:

"Mufuna ndani, ba tate?"