Kamba Amene Tinamusiya ku Damu

Anthu a mu msewu wathu ankawatcha a Chidendene, chifukwa munthu ukawapatsa moni ankayamba ayang'ana kumapazi kwako asanayankhe. Anali wosoka nsapato. Benchi yawo inali pansi pa masitepe a nyumba yosanja, pakati pa ometa tsitsi ndi sitolo ya utoto, ndipo anakhalapo kuyambira mu 1971 kufikira mu 2009, pamene maso anayamba kuwavuta polowetsa ulusi pa singano. Akazi awo anali atamwalira kalekale. Mwana wawo mmodzi yekhayo, wamkazi, anakwatiwa kutali.

Kamba anamutola mu Novembala 1998, m'ngalande ya kuseri kwa sitolo ija, chigoba chitang'aluka, mwina ndi tayala la njinga yamoto. Anamutsuka ndi madzi amchere, namata mng'aluwo ndi guluu wa nsapato, n'kumumanga ndi kalamba kachikopa kwa masabata atatu. Ometa tsitsi ankawaseka kuti tsiku lina adzamukhomera soli ya nsapato. Kambayo anachira, ndipo chifukwa cha kayendedwe kake anamutcha Adzafika.

Mu Febuluwale 2010, ife opuma pa ntchito a m'deralo tinayambitsa kagulu ka maulendo. Loweruka loyamba la mwezi uliwonse tinkachita hayala minibasi, n'kupita kumalo oti tibwereko tsiku lomwelo: ku mathithi, ku munda wa maluwa, ku siteshoni yakale ya sitima, ku damu. Tinalipo khumi ndi anayi. Wapampando anali mayi wina amene kale anali namwino. Ine ndinali mlembi, ndipo ntchito yanga inali kuitana mayina tisananyamuke, popita ndi pobwerera pomwe.

Pa ulendo woyamba a Chidendene anabwera ndi katoni ya nsapato yoboolaboola, muli kamba uja. Anati kwa zaka zonsezo iwo sanapitepo kulikonse, ndipo mnzawoyo nayenso ankangodziwa kunsi kwa benchi. Sichikanakhala chilungamo kuti mmodzi akaone mathithi wina atsale. Dalaivala anafunsa ngati bwanayo angakonde mpando wa kuwindo. M'chisangalalo cha tsikulo ndinamulemba m'kaundula pa nambala 15. Kuyambira pamenepo, ndikaitana dzina lake, a Chidendene ankatsegula chivundikiro, n'kusuzumira, n'kuyankha ndi nkhope yosaseka kuti alipo. Zinatero maulendo 64.

Tikafika, ankamuika pa udzu, n'kumudulira nkhaka, kenako n'kumamulondola pang'onopang'ono manja ali kumbuyo. Ena tinkajambulitsa pa mathithi. Iwo ankabwerako ataona kachigawo ka udzu kosaposa chipinda chogona, koma ali okhutira kuposa tonsefe.

Kaundula woyamba anadzaza mu Meyi 2015. Pokopera mayina m'buku latsopano lachikuto cholimba, ndinaona ngati nthabwala siyenera kulowamo. Ndinalekeza pa 14, pa dzina la mayi wina wa ku positi, ndipo sindinauze aliyense.

Pa 6 Juni tinapita ku damu. Cha m'ma 3 koloko masana a Chidendene anamva chizungulire. M'mawa anali ataiwala kumwa mankhwala awo a kuthamanga kwa magazi. Wapampando anawagoneka pa mpando wakutsogolo, nalamula kuti tinyamuke msanga. Amene anatola katoni pansi pa mtengo ndine. Inali yotseka ndiponso yolemera, pakuti munali botolo la madzi ndi kambale ka kamba. Sindinaitsegule. Ndinaitana mayina khumi ndi anayi, onse anavomera, galimoto inanyamuka.

A Chidendene anazindikira kuti kamba mulibe titafika pakhomo pawo. Sanakuwe. Anakhala pakhonde katoni ili pamiyendo, nati agona ngati khanda n'kusiya mnzawo pa udzu.

Mawa lake tinabwererako anthu asanu. Tinafunafuna m'mabango, m'miyala ndi m'mphepete mwa mpanda. Tinapitanso pa 13 ndi pa 20 Juni, ndiponso pa 11 Julayi. Pa ulendo wa pa 20, mlonda wa pamalopo anandiitanira pambali n'kundiuza kuti pa 15 udzu wonse wa mbali ya mtengo uja unatchetchedwa ndi thirakitala. Sanaone kanthu, koma sanayang'anenso. Ndinamupempha kuti asawauze a Chidendene.

A Chidendene anasiya maulendo. Wapampando ankadziimba mlandu chifukwa chotifulumizitsa, dalaivala chifukwa chosazungulira galimoto monga ankachitira. Za nambala 15 palibe anazikumbukira, pakuti tsikulo mitima ya onse inali pa wodwala. Ine ndinakhala chete miyezi khumi ndi umodzi. M'miyezi imeneyo bamboyo anawonda mpaka anaboola mabowo awiri atsopano pa lamba wawo. Mwana wawo anandiimbira foni kawiri, kudandaula kuti abambo ake sakudya, ndipo akungobwereza kuti iwo si munthu womusungitsa chamoyo.

Pa 9 Meyi 2016 ndinapita kwawo nditanyamula mabuku onse awiri. Ndinawapeza pakhonde, akupukuta nsapato zomwe zinali zopukuta kale. Ndinatsegula buku lakale ndi latsopano pamodzi.

"Achimwene, mlandu uja si wanu," ndinatero. "Onani apa. Ndinamuchotsa ndine, ndipo katoni ndinanyamula ndine osaitsegula."

Anayang'anitsitsa masamba awiriwo, lililonse atalibweretsa pafupi ndi mphuno. Kenako anandibwezera.

"Ndinamva, alembi. Tulo tanga sitinali teniteni. Munalekeza pa mayi a ku positi aja, ine n'kumadikira dzina lake. Ndinafuna kufunsa, koma ndinali nditakusokonezerani kale tsiku lonse. Ndinati basi, alembi salakwa, amuona."

Ndinawafunsa chifukwa chake sananene zimenezi chaka chonsecho. Anati munthu mmodzi wosowa mtendere ankakwanira mu msewu umodzi. Sankadziwa kuti tilipo awiri. Anawonjeza kuti buku latsopanolo n'lolembedwa bwino, ndipo sindinathe kudziwa ngati akundinyogodola.

Ndinawapempha kuti abwerere ku maulendo. Anakana mwaulemu, nati maso awo sangathenso kuona udzu popanda kuyamba kufunafuna, ndipo akanangosowetsa anzawo mtendere. Chimene anapempha n'chakuti ndiwaperekeze ku damu kamodzi kokha. Tinapita awiriwiri pa basi wamba, Loweruka pa 14 Meyi. Sitinafunefune. Tinakhala pansi pa mtengo uja ola limodzi, iwo akundifotokozera kuti kamba amakhala zaka zambiri kuposa munthu, ndipo malo a madzi ndi udzu ngati amenewo ndi abwino kuposa kunsi kwa benchi. Pobwerera anagula mabanzi awiri pa depoti, nadya onse.

Mu Ogasiti chaka chomwecho mwana wawo anabwera kudzawatenga, ndipo bamboyo anamwalirira kwa mwanayo pa 2 Malichi 2018. Za thirakitala ija sindinawauze.