Selotepi pa Tebulo la Apongozi

Mng'ono wanga atapeza ntchito pa yunivesite ina ku Ulaya, kwathu ku Chinsapo tinavina osadziwa chimene tikuvinira. Iye ndi wasayansi, amafufuza zinthu zopyapyala zedi, zoti kukhuthala kwake ndi atomu imodzi yokha. Ine wogulitsa kaunjika ndinkangovomera ndi mutu.

Vuto linali mwana. Mwamuna wake anali atamwalira, ndipo kamtsikana kawo kankakhala kwa agogo ake akuchimuna ku Area 25 pamene mayi ake ankamaliza maphunziro. Anthuwo ndi a kumpoto, malowolo anapereka onse, choncho mwana ankamuyesa wawo. Tinayenera kukamupempha.

Tinapita Lamulungu atangoweruka kutchalitchi. Apongozi ake aamuna, mkulu wa mpingo, anapemphera mpaka tiyi kuzizira, kenako anati, "Mkamwana, tatiuzani, ntchito yakeyo ndi yotani?"

M'minibasi ndinali nditamuuza kuti angonena kuti akukaphunzitsa, basi. Koma mng'ono wangayu akafunsidwa za ntchito amaiwala kuti ena safunsa kuti amve. Anatulutsa pensulo ndi selotepi zimene ankaonetsera ana a sukulu. Anapala chakuda cha m'kati mwa pensulo, kumata selotepi, kumatula, kumatanso, kumatulanso, nkhope ili ngwee. Ankafotokoza kuti chikafika popyapyala pomaliza chimalimba kuposa chitsulo.

"Ndiye chili kuti?" anafunsa mlamu wake wamkazi.

"Sichioneka ndi maso, alamu."

Nyumba yonse inafa nacho chiseko. Apongozi aakazi anatola selotepi ija, namata tsamba long'ambika la buku lawo la nyimbo. "Apa ndiye yagwirako ntchito," anatero.

Abambo aja okha sanaseke. "Mwana wanga anadwala mpaka kufa inu muli pa mabuku. Lero mukufuna mdzukulu wanga akakulire m'chisanu, mayi ake akusenda mapensulo? Pitani bwino. Mwana satuluka pano."

Linali bodza, chifukwa amene ankagona pansi m'chipatala muja anali mng'ono wanga, iwo akungobwera ndi mapemphero. Mtima unandiwira, ndipo anthu amenewo ndimadana nawo mpaka lero. Koma m'nyumba ya apongozi sukweza mawu, tinathokoza tiyi n'kutuluka.

Mng'ono wanga anapita yekha ku Ulaya, akuti akakhazikika adzayesanso. Mwezi woyamba ankaimba osayankhidwa, mwina mwana wagona, mwina netiweki. Ndiye tsiku lina ndinapita ndekha ku Area 25 ndi foni yanga, ndinamuimbira pa vidiyo kuti aone mwana wake. Mng'ono wanga anaonekera ali mu labu, atavala chijasi choyera, akumwetulira misozi ili mbwe.

Kamwana kanayang'ana foni, kenako kanayang'ana agogo ake aakazi.

"Tapereka moni monga ndinakuphunzitsira," anatero agogowo.

Kanagwada bwinobwino, manja pamodzi. "Muli bwanji, anti?"