Chaka chimene anandiletsa Chichewa pa mwana wanga

Mwana wanga wamkazi anachedwa kulankhula. Anzake obadwa naye mvula imodzi anali atayamba kale mabodza ndi miseche, iye akadali pa "ma" poitana ine, ndi "dzi" pofuna madzi. Zina zonse ankandikoka chitenje n'kuloza. Komabe tinkamvana. Ndikamasankha nyemba m'lichero pakhonde kwathu ku Lobi ndinkamuimbira, iye n'kumatola mawu limodzilimodzi.

Bambo ake ndi mphunzitsi, ndiye anamulembetsa kusukulu ya mkombaphala kumene ana amaimba Chingerezi kuyambira m'mawa mpaka poweruka. Kumeneko mwana ankangoti zii.

Apa ndiye panatulukira alamu anga, akulu awo a amuna anga, kalaliki wopuma ntchito, wophunzira kumishoni, munthu wovala tayi ngakhale pokakumba kachewere. Anakhala pampando, n'kusanjikiza miyendo.

"Mlamu, vuto lili poyera," anatero. "Mutu wa mwana ndi waung'ono, simungathiremo zinenero ziwiri. Chimodzi chichoke."

"Chiti, alamu?"

"Mukufunsanso? Chichewa chidzamufikitsa kuti?"

Ha! Munthu amene sanaberekepo mwana kumsana chibadwire, lero wasanduka dokotala wa malilime. Ndinayang'ana amuna anga kuti mwina atsutsa. Kutsutsa kuti! Pamaso pa akulu awo amangogwedeza mutu ngati gulo pamtengo.

Lamulo linakhazikika: mwana asamvenso Chichewa m'nyumba. Tsono Chingerezi changa ndi cha kupulayimale, chongokwanira kuwerenga thumba la feteleza. Nyimbo zinatha. Mayi wathunthu ndinatsala ndi "kamu hiya" ndi "siti dauni", ngati ndikuphunzitsa galu wa mzungu. Chichewa chikandipulumuka, amuna anga ankakweza mawu: "Aa-aa, amake mwana! Mukufuna kumuwononga?"

Dzinja lisanathe, "dzi" uja anasowa. Kenako "ma" nayenso. Mwana wanga anasiya kundiitana. Nditawadandaulira alamu, anaseka n'kunena kuti chimenecho ndiye chizindikiro chabwino, Chichewa chikutuluka kuti Chingerezi chipeze malo. Zopusa zenizeni, ndipo ankazinena akumwa tiyi wanga.

Nditakolola, ndinawauza amuna anga kuti kaya afune kaya asafune, mwana ndikupita naye kuchipatala cha mumzinda, komwe ndinamva kuti kuli mayi wothandiza ana ovutika kulankhula. Ananditsatira monyinyirika.

Mayiyo anayala mkeka pansi, n'kuikapo kapu, supuni ndi chidole. Anamuuza mwana m'Chingerezi kuti amupatse kapu, kenako m'Chichewa kuti agoneke chidole. Anandifunsa mawu amene mwana ankanena kale, ndiponso amene ankamva ngakhale sankawatchula. Atatha anatifotokozera kuti vuto lilipodi, ndipo limaoneka m'zinenero zonse ziwiri, koma si zinenerozo zinalibweretsa. Ana ambirimbiri amakula ndi ziwiri bwinobwino. Chimene mwanayu akusowa ndi mawu ochuluka, ochokera kwa munthu amene akulankhula momasuka, komanso kuti tizibwera naye kudzaphunzira masewera omuthandiza.

"Kunyumba mumalankhula naye chiyani?" anafunsa.

Amuna anga anayamba kuyang'ana nsapato zawo. Ine ndinanena zonse, osasiyako, za alamu ndi tayi yemwe.

"Mayi, talankhulani naye tsopano, mmene munkachitira kale," anatero mayi uja.

Ndinagwada pamkeka n'kutambasula manja. "Bwera kuno, mwana wanga. Tiye timumwetse madzi mwana wakoyu."

Mwana anatembenuka msangamsanga kuyang'ana bambo ake. Kenako anataya chidole, kundithamangira, n'kunditseka pakamwa ndi kadzanja kake, mwamphamvu. Sanakachotse mpaka bambo ake atatuluka panja.