Matumbo a Wotchi ya a Greyson

A Eneya Mbewe sanali dokotala, koma matumbo omwe anatumbula pa boda ya Mchinji ngakhale a kuchipatala sangawafike. Ankakhala pakhonde la sitolo ya a Mwamadi, patsogolo pawo katebulo ka miyendo itatu, wachinayi uli njerwa, kagalasi atakapanikiza padiso limodzi. Ntchito yawo inali yokonza mawotchi. Nthenda yawo inali mawotchi a m'thumba, akale aja a chivindikiro ndi katcheni, omwe azibambo ankabwera nawo kuchokera ku Joni.

Matipate itangobwera, mawotchi a batire anasefukira kuchokera ku Chipata. Munthu akabweretsa wotchi yakale yotopa, a Eneya ankachotsa matumbo ake n'kuikamo kamakina ka batire. Mwiniwake ankapita akumwetulira poti zopukusa wotchi m'mawa uliwonse zatha.

"Nanga matumbo akalewa?" ena ankafunsa.

"Awa atha ntchito, ndikutayirani."

Kutaya kwake kunali m'bokosi la machesi, bokosilo n'kulowa m'sutikesi ya malata kunsi kwa bedi. Lamulungu akaweruka kutchalitchi ankayala mabokosiwo pamphasa n'kumawasuzumira limodzilimodzi. Ankawerenga timiyala tofiira ta m'kati, ankadziwa kuti awa ndi a ku Mangalande, awa ndi a dziko lina lozizira lomwe dzina lake linkawakola lilime. Koma sukulu analekezera sitandade thu, ndiye zolemba mayina pamabokosi anazisiya. Anapanga kalembera wawowawo. Matumbo a munthu wa ku Chiosya ankawaikira chimanga, wa kwa Dambe nyemba, wa ku Zambia mtedza. Kuchuluka kwa njere ndiye kunali dzina la mwiniwake.

"Anzanu mbewu amaika m'nkhokwe, inu mumadyetsa mawotchi," ankatero akazi awo, a Luwiza.

"Iwe sungazimve za ofesi."

Zaka zinapita. Anthu anayamba kuona nthawi pafoni, katebulo kaja kanayamba kugulitsa machesi ndi maswiti, ndipo ng'ala inakhazikika m'diso lomwe linkavala kagalasi lija. Sutikesi inakhala zaka zitatu osatsekulidwa.

M'chaka cha 2013, nthawi yokolola, kunabwera mayi wina, Tabeth, wochokera kwa Dambe. Anamasula mfundo ya chitenje n'kuika wotchi ya m'thumba patebulo.

"Bambo, iyi ndi ya abambo anga, a Greyson. Ali gone, maso anasiya kuona. Akuti mubwezeremo zomwe munachotsa zija."

"Batire yatha? Tisintha pompano."

"Ayi. Akuti iyi ilibe mtima. Akufuna aipukuse okha, aimve ikugunda pakhutu. Chakudya akukana, akungofunsa wotchi."

A Eneya anadziguguda pachifuwa. "A Greyson? Nyemba zinayi! Mawa ndibwera nawo ndekha."

Atafika kunyumba anakoka sutikesi ija. Potsekula anayetsemula. Bokosi loyamba munali ufa. Lachiwiri ufa. Onse makumi asanu ndi limodzi, ufa wokhawokha, ndi tizilombo tikuyendayenda mosatekeseka ngati talipira lendi. Anankafumbwe ndi abale awo anali atadya kalembera yense, Chiosya, Dambe ndi Zambia, osafunsa chiphaso. Ufawo unali utalowanso m'timagudumu.

A Luwiza anasuzumira. "Ofesi yafumbwa?"

A Eneya anavala kagalasi, koma anangoona nkhungu. Anakasamutsira diso linalo, lomwe silinaphunzire ntchito, n'kuona mphasa. Anayamba kuyesa matumbo amodziamodzi m'chigoba cha wotchi ya a Greyson. Okwana bwino anapezeka asanu ndi awiri. Anawatsuka ndi palafini ndi nthenga ya nkhuku tsiku lonse. Anayi anadzuka. Atatu anakana, ndipo zitsulo zosinthira zinasiya kupezeka kalekale.

M'mawa mwake anakwera njinga ya kabaza mpaka kwa Dambe, mabokosi asanu ndi awiri ali m'thumba la jekete. Anapeza a Greyson atawagoneka pamthunzi wa chigafa cha fodya, atatsala mafupa okhaokha koma pakamwa pali pakuthwabe.

"Wafika wakuba matumbo uja?"

"Wosunga, achimwene. Wosunga."

Anaikamo oyamba. A Greyson anapukusa ndi chala chachikulu, n'kuika pakhutu. "Iyi ikuthamanga ngati osintha ndalama a pa boda. Si yanga."

Achiwiri. "Iyi ndi ya mbusa, yofatsa kwambiri."

Achitatu sanawamvetsere n'komwe nthawi yaitali. Achinayi anawasunga pakhutu mpaka a Eneya anayamba kupuma bwino.

"Yanga inkatsimphina," anatero a Greyson. "Inagwa mumgodi chaka chomwe anabadwa Tabeth. Inkati ikagunda kawiri, n'kukoka mwendo. Zaka makumi atatu ndinkagona nayo. Iyi miyendo yake ndi yabwinobwino."

A Eneya anatulutsa atatu akufa aja n'kuwaika m'manja mwa mkuluyo. A Greyson anawapapasa, kuwagwedeza, kuwanunkhiza. Zii.

"Ndiye yanga ili apa?"

"Mwina ili apo."

"Mwina?"

"Ndinaikamo nyemba zinayi, achimwene. Ndi manja angawa."

"Unaikamo nyemba." A Greyson anaseka mpaka chifuwa chinawatsamwa, Tabeth n'kuwadzutsa pang'ono. "Ukanaikamo miyala, chitsiru iwe. Miyala yatha ku Mchinji?"

A Eneya anayang'ana pansi. Pabwalo ponsepo panali timiyala.

"Bwezeramo yachinayi ija," anatero a Greyson. "Mlendo naye amakometsa nyumba."

Anamwalira patapita masiku asanu ndi anayi, mtima wa munthu wina ukugunda pakhutu pawo. Tabeth anati phala ankalandira, koma ankati akapukusa wotchiyo n'kumvetsera, ankapukusanso mutu.

A Eneya anabwerera ndi atatu aja. Mpaka lero Lamulungu amawayala pamphasa, kuwathira palafini, kuwagogoda ndi chikhadabo, kudikira kuti mwina amodzi atsimphina. M'bokosi lililonse tsopano muli timiyala tinayi.

"Onse atatu ndi a Greyson?" anafunsa a Luwiza tsiku lina.

A Eneya anangotseka mabokosiwo.