Dandaulo Losafufutika la a Aloysius

A Aloysius Kamwendo anagwira ntchito zaka makumi awiri ndi zitatu pa malire a Mwanza, kuthandiza madalaivala a mathiraki kudzaza mapepala a kasitomu. Atapuma anabwerera kwa Nthache kukasamalira mitengo yawo ya manachesi. Koma ntchito imene anthu ankawadziwa nayo kwenikweni inali yodandaula. Mlatho ukakokoloka, kalata. Minibasi ikapakira anthu mpaka pachitseko, kalata. Palibe amene anawayankhapo, ndipo kunena zoona zimenezi zinkawakomera, poti pasali woyankha iwo ankakhala olondola nthawi zonse.

Mwana wawo Tiyese, namwino ku Blantyre, ndiye anawaikira pa foni tsamba lochezera lotchedwa Kaphiri, kuti aziikapo zithunzi za manachesi ogula aziona. Anawafotokozera kuti tsambali limayenda pa blockchain: chimene walemba chimasungidwa m'makompyuta ambirimbiri nthawi imodzi, moti ngakhale eni ake sangachifufute. Komanso Lachisanu lililonse eni akewo amalankhula poyera, kuyankha mafunso ndi kuulula zimene zawakanika sabata imeneyo.

"Kuulula okha, osawafinya?" anafunsa a Aloysius. "Kampani yanji imeneyo?"

Pasanathe masabata awiri anapeza chodandaula. Ali kumunda, zithunzi zinakana kupita. Anakhala pa chitsa n'kulemba mizere khumi ndi iwiri, kunena kuti eni Kaphiri ndi ana osaleredwa oti sanagwirepo khasu.

Yankho linabwera tsiku lomwelo, pamalo poti aliyense awerenge. Analemba ndi Esime, wantchito wa kukampaniko. Anati afufuza, ndipo apeza kuti foni ya bambowa inali italumphira pa netiweki ya ku Mozambique, monga amachitira mafoni a m'malire. "Koma nafenso talakwa, bambo," anapitiriza. "Tsamba lathu likanakuuzani m'malo mongokhala chete. Tikonza, ndipo Lachisanu tidzanena pamene tafika. Za khasu mwanena zoona, ine ndinakulira ku Ndirande."

A Aloysius anawerenga kawiri, khutu likutentha. Anafunafuna pofufutira mawu awo aja, osapaona.

"Mayi a Tiyese, foniyi yawonongeka."

Akazi awo, Mayi Ursula, amene ankasankha manachesi pamkeka, sanadzutse n'komwe mutu. "Sinawonongeke, bambo a Tiyese. Mwana anakuuzani. Mwaponda simenti yaiwisi, ndiye yauma ndi phazi lanu."

Lachisanu a Aloysius anavala jekete, ngakhale kuti palibe amene akanawaona, n'kukhala pakhonde kumvetsera eni Kaphiri pa foni. Wokonza tsambalo, dzina lake Vincent, ananena mosabisa kuti sanamalize. Anati poyesa kukonza za m'malire anawononga china, mauthenga n'kuchedwa maola anayi Lachitatu, ndipo anapepesa. Kenako anapempha a Kamwendo a ku Mwanza, ngati akumva, kuti awathandize kuyesa.

"Akukuitanani achinyamata osaleredwa aja," anatero Mayi Ursula.

Kuyambira pamenepo, m'mawa uliwonse a Aloysius ankapita kumapeto kwa munda, kuimika foni m'mwamba mpaka ilumphe, n'kulemba zimene aona. Odutsa pa njinga atanyamula makala ankaganiza kuti mkuluyo wayamba mpingo wake. Patatha mwezi tsamba linayamba kuchenjeza lokha foni ikalowa netiweki ya dziko lina.

Chimene chinawatengera nthawi yaitali chinali mzere umodzi woti aike pansi pa dandaulo lawo losafufutika lija. Anaulemba masiku atatu, ndipo unangoti: "Ndinapsa mtima, pepani."

Nyengo ya manachesi ili pakati, kunabwera mayi wina wageni wa ku Lunzu, dzina lake Enelesi, amene anawerenga nkhani yonseyo pa Kaphiri. Anati akufuna madengu asanu ndi limodzi, komanso kuona nkhope ya bambo wolusa uja. A Aloysius anamutengera kumapeto kwa munda kukamuonetsa pamene foni imalumphira, ndipo anafotokoza kwa ola lathunthu. Pobwerera anapeza Mayi Ursula atamanga kale madengu onse, akusenda nachesi lawo pamthunzi.