Manda Amene A Tibo Anadzimangira

A Primitivo, amene anthu a m'mudzi mwawo pa chilumba cha Bohol ankangowatchula kuti a Tibo, anali mmisiri womanga manda, tinyumba tasimenti tija tolowetsamo bokosi. Ntchito ankaidziwa, koma kuumira kwake, mayo ine! Ngakhale mchenga wotsala ankausesa n'kubwerera nawo kunyumba.

Akazi awo, a Saling, atamwalira, anawamangira manda abwino kumtunda, n'kumanganso ena pambali pake, khoma limodzi. Enawo anali awoawo. Ankati imfa sakuiopa, poti malo ogona pafupi ndi Saling alipo kale.

Munthu amene ankadana naye zenizeni anali a Gorio, msodzi wapakamwa, amene pa unyamata anafunsirapo a Saling n'kukanidwa.

"Iwe Tibo!" ankakuwa a Gorio pamsika. "Saling uja anakulola chifukwa cha chisoni!"

"Nanga chisonicho chinakulambalala bwanji iweyo, chonunkha nsomba iwe?"

Chaka china ansembe anawasankha onse awiri kukhala m'gulu la amuna khumi ndi awiri ovala ngati atumwi pa Lachinayi Loyera. Anakhala pa benchi imodzi, osapenyana. Ansembe anagwada, kusambitsa phazi la a Tibo n'kulipsompsona. Kenaka anakokera beseni kwa a Gorio. Phazi lawo, long'aluka chidendene, lakuda bii, nalonso analipsompsona chimodzimodzi, osakwinya n'komwe nkhope.

A Tibo manyazi anawagwira mpaka m'mafupa. Anaona poyera kuti Ambuye Yesu akanalowa m'tchalitchimo, akanamugwadira Gorio yemweyo. Tsiku limenelo chakudya sichinalowe.

Musaganize kuti anasanduka mngelo. Kung'ung'udza sanasiye, koma simenti yotsala inayamba kupita ku manda a amphawi, ndipo akawafunsa za malipiro ankangoti, "Choka apa, ukundichedwetsa."

A Gorio anamwalira m'nyengo ya mvula, opanda mwana, opanda kanthu. Kumtunda kunali kutadzaza. Malo otsala anali kumunsi, m'mbali mwa mtsinje, kumene madzi akasefukira amaswa manda. A Tibo ankakudziwa bwino kumeneko, poti anatolako mafupa a anthu m'matope ndi manja awo.

M'mawa wa tsiku loika maliro anatenga nyundo ndi thumba la simenti kuti akatsegule manda awoawo aja. Mwana wawo Mercedita anawatsekera pakhomo.

"Ababa, mutu ukugwira? Munthu amene ankafuna amayi, mukamugoneke pambali pawo?"

"Amayi ako anamukana ali mtsikana. Ayambe kumulola lero?"

"Musaseke! Nanga inuyo mudzagona kuti?"

"Ine ndine mmisiri, mwanawe. Ndidzadzimangira kumtsinje, apamwamba, olimba. Lipenga likadzalira, amayi ako sadzandisowa."

Pakamwa panali polimba, koma mtima unkawapweteka kwambiri. Malo amenewo anawakonda kuposa nyumba yawo. Komabe anagumula okha njerwa za pakhomo pa mandawo, anathandiza kukankhira bokosi mkati, n'kuyamba kumata. Atatsala ndi njerwa imodzi, anasuzumira mkati.

"Wapambana, Gorio. Ugone mwaulemu, usamusokosere Saling." Kenaka anasisita khoma la akazi awo, misozi ili chuchuchu. "Pepa, Saling. Analibe kwina."

Mvula itatha anakadzimangiradi kumtsinje, manda okwera pa nsanamira zofika m'chifuwa. Anthu ankaseka kuti mkulu uja akumanga khola la nkhunda, koma madzi atabwera chaka chotsatira anangodutsa pansi. Amphawi ambiri anawamangira otero, akung'ung'udza ndithu.

A Tibo atamwalira, njira yopita kumtsinje inadzera pa manda a akazi awo. Onyamula bokosi anaima pamenepo, popanda wowauza. Analitsitsa, n'kuligunditsa ku khoma la a Saling, ndipo Mercedita anawasiya makolo ake akhale pamodzi mpaka nyimbo ya maliro yonse inatha. Kenaka analisenzanso n'kutsetsereka nalo kumunsi.