Zenera la a Phwanyani

Zoti a Phwanyani maso awo anafa, n'chifukwa chake zenera la pabalaza pawo lakhala chiboolere miyezi inayi, ndi bodza lamkunkhuniza. Anayambitsa ndi mayi a pagolosale, omwe pakamwa pawo sipatsekedwa ngakhale golosaleyo atatseka. Dzulo lomweli ndawaona bambowo akulowetsa ulusi pasingano osavala mandala. Ndifunseni ine, poti ndimakhala moyang'anana nawo, ndipo katani langa ndi lopyapyala.

Ntchito yawo ndi yoika magalasi m'mazenera. Dzinalo tinawapatsa kalekale, msewu uno udakali ndi ana ngati nyerere. Nyumba iliyonse ana asanu, osawerengera ana a alamu obwera kudzacheza sabata imodzi n'kutha zaka. Akaweruka kusukulu, mpira pakati pa msewu, magolo ake nsapato. Galasi likangoti phwaa, makolo tonse timatuluka ndi zikwapu, koma bambo awa amatuluka ndi tepi yoyezera, mano onse pamtunda.

"Phwanyani, ana inu, phwanyani! Mukasiya ndidya chiyani?"

Amadziwa wolakwa pongoona bowo. "Ili ndi phazi lamanzere la mwana wa telala. Ili si mpira, ndi legeni." Mwana wawo mmodzi yekhayo, wamkazi, amawanyamulira chitini cha phala lomatira galasi, mpaka nayenso anaphunzira kuwerenga mazenera.

Kenako fakitale ya mabulangete inatsekedwa. Mabanja anayamba kupakira katundu, lero awa, mawa awo. Ana otsala anakula n'kutsatira ntchito. Sukulu ya kumapeto kwa msewu muno akusungiramo simenti. Tatsala ndife a mawondo olira, ndipo mwana womaliza kubadwira kuno ali ndi ndevu. Aliyense wosamuka amasiya makiyi kwa a Phwanyani, akuti tidzabwera. Mayi a kunyumba kwawo atamwalira, bambowo anatsala ndi makiyi khumi ndi awiri pamsomali.

Tsiku lina mwana wawo uja anaimba foni. Kumene amakhala kwachepa, poti ali ndi atsikana atatu. Nyumba yoyandikana ndi ya bambo ake ili chitsekere, ndipo eni ake anavomera kale kuti alowemo.

"Tibwera Loweruka tidzaone, ababa. Koma ana angawa akasewera ndi ndani? Kuli anzawo?"

"Ambirimbiri!" anatero a Phwanyani, munthu woti kutchalitchi amakhala benchi yakutsogolo.

Sabata imeneyo ndinaona zinthu. Anatsegula nyumba zonse khumi ndi ziwiri. Galasi lililonse long'aluka ndi mphepo anachotsa n'kuika latsopano, ena onse anapukuta ndi nyuzipepala mpaka waliwali. Anapachika makatani a malemu, atatha anadzabwereka anga. Anatsitsa sutikesi yakale, n'kuyanika tizovala ta ana pazingwe za nyumba zopanda anthu. Lachisanu anagogoda kwanga.

"Achemwali, mawa alendo akamadutsa, mukuwe muli kukhitchini kuti, iwe, lowa udzasambe!"

"Ndikuwira ndani, achimwene? Mphaka?"

"Mawu muli nawo. Zaka zonsezi mwawagwiritsa ntchito pa zopanda pake."

Ndinavomera, osati chifukwa cha chipongwecho, koma nanenso ndinkafuna phokoso.

Loweruka alendo aja anafika, pamodzi ndi atsikana awo atatu. Mkamwini, munthu wa tayi ngakhale kukutentha, amangogwedeza mutu. "Malo abwino, apongozi. Aukhondo." Koma mkazi wake amayenda pang'onopang'ono, manja kumbuyo, maso m'mazenera. Atafika kumapeto anatembenuka.

"Ababa, munandilera ndi chiyani?"

"Ndi magalasi, mayi."

"Msewu wonsewu palibe zenera long'aluka, ngakhale limodzi. Palibe lomatidwa ndi katoni. Msewu wa ana sukhala chonchi."

"Ana a masiku ano ndi aulemu."

"Nanga deresi lofiira lili pachingwe kwa a telala? Ndi langa lija ndinang'ambira pampanda. Chigamba munasoka ndinu."

Ine kukhitchini sindimamva zonsezi bwino, ndiye ndinangoti nthawi yakwana. "Iwe! Lowa udzasambe!"

"Ndipo awo ndi azakhali a patsidya," anatero mwanayo. "Chitsiriza wawo ndinali naye kalasi imodzi. Akusambitsidwabe?"

A Phwanyani anangoti zyoli, ngati mwana wogwidwa dzanja lili mu shuga.

Akulu ali pa mlanduwo, atsikana aja anali atapeza mpira wakale m'sutikesi muja. Wapakati, kamtsikana ka miyendo ngati ndodo, anauponya m'mwamba n'kuumenya ndi phazi. Phwaa! Zenera la pabalaza la agogo ake. Ndinatuluka chikho chili m'manja. Mayi a pagolosale anatuluka. Wometa, amene mwendo wake suyenda, anasuzumira pakhomo. Tonse tinaima ngati tamva nyimbo ya pa ukwati wathu.

Mkamwini anayamba kuvula lamba.

"Musamukhudze!" anatero a Phwanyani. Anapita pazenerapo, nayang'ana bowolo nthawi yaitali. "Lamanzere," anatero. "Phazi labwino." Anatulutsa tepi m'thumba, naibwezanso osayeza.

Madzulo akutsanzikana, mwana wawo anawagwira dzanja.

"Tiyeni mukakhale nafe, ababa. Tikapanikizana momwemo."

"Makiyi a eni ake ndisiyira ndani?"

"Eni akewo sabweranso."

"Ukudziwa bwanji? Iwe si wabwera?"

Patatha sabata mwana uja anaimbanso kuti apeza nyumba kutsidya lina la mzinda, pafupi ndi sukulu imene muli ana. Bambowo anandibwezera makatani, atachapa ndi kusita, n'kupinda tizovala tija. Galasi latsopano ali nalo, ladulidwa kale, latsamira kuseri kwa kabati. Mvula ikamagwa amangosuntha mpando n'kuika beseni. Ndawauza kangapo kuti adzadwala chifuwa, iwo amati chifuwa n'chawo.

A Phwanyani amaona bwinobwino, koma safuna kutseka bowo lomwe mwana anaboola, poti akudziwa kuti mumsewu muno simudzaswekanso lina.